Nkhosa Yovala Nthenga

Lolemba

Mvula. Basi yachedwa. Ndagona ndi nkhawa, ndadzukanso nayo.

Dzulo ku tchalitchi kwathu ku Bradford Abusa alengeza kuti Lamulungu likubwerali ndi la zokolola. Membala aliyense abwere ndi nkhosa imodzi yotayika. Imodzi basi. Wobwera chimanjamanja adzaimirira kuti mpingo umupempherere. Kuimirira! Ine, ndi msinkhu wangawu, pakati pa anthu okhala pansi, ngati mlongoti wa foni.

Mayi Kachingwe, wapampando wa kwaya yathu ya amayi, nesi wamkulu ku chipatala, akuti iwo ali nazo kale zinayi. Azipeza pa wodi. Zina zikadali pa dilipi koma zalonjeza.

Nanga ine ndimupeza ndani?
Aneba a kumanja: ali ndi galu.
Aneba a kumanzere: Asilamu, amapemphera kuposa ine, ndiponso amatigawira mpunga. Ndingayambe bwanji?
Dalaivala wa basi: sayankha ngakhale moni.
Bambo a Tadala: atayika zedi, Lamulungu lililonse ali pa mpira. Koma Abusa akuti mwamuna wako sawerengedwa.

Ku ntchito, ku nyumba ya okalamba kuno ku Wakefield, ndikupukuta m'chipinda cha Agogo Edna. Zaka zawo zadutsa makumi asanu ndi anayi. Chithunzi chili pa khoma lawo ndachipukuta kambirimbiri, lero ndiye ndachiyang'anitsitsa. Mayo ine! Atsikana mzere, agwirana m'chiuno, nthenga zazitali kumutu, mwendo wa aliyense uli m'mwamba kuloza denga. Zovala zawo onse pamodzi sizingakwane duku langa limodzi.

Agogo aloza ndi chala. "Wapakatiyo ndine, mwanawe."

Aleluya! Nkhosa. Yotayika kuyambira nkhondo yachiwiri isanayambe. Ndipo ili pa wilutcheya, singathawe.

Ambuye ndikhululukireni mawu omalizawo. Koma ndi zoona.

Lachiwiri

Dongosolo langa: lero kuwadziwa bwino, mawa kuwaonetsa machimo awo, Lachinayi alire, Lachisanu alape, Loweruka ndiwasitire diresi, Lamulungu takisi.

Ndayamba ndikuwapesa tsitsi. "Agogo, kodi mumaganizako za kumene mudzapite?"

"Kwa wodula zikhadabo, Lachinayi."

Ndasiya kaye.

Koma za kuvina sizikufuna kufunsa. Bambo awo anali a mu mgodi wa malasha. Atsikana a mu msewu wawo onse ankathera ku fakitale ya ubweya, n'kumatsokomola moyo wonse. Mayi awo ndi amene anavinako kale, nkhondo yoyamba isanafike, ndiye ankawaphunzitsa m'khitchini atagwira mpando. Kenaka kunabwera mzimayi wina ndi tepi ya telala, kudzayeza atsikana miyendo ngati akugula mbuzi. Iwo anakwana.

Zisudzo zake ankazitcha marevyu. Akuti kunkabwera wanthabwala, kenaka woimba, kenaka munthu wotulutsa nkhunda m'chipewa, ndipo pakati pa zonsezi atsikana, mzere, mwendo m'mwamba. Kawiri madzulo alionse. Leeds, Bradford, Salford, mpaka kunyanja. Ndafunsa ngati ankachita manyazi. Akuti manyazi ankabwera ukaponya mwendo wamanzere anzako akuponya wamanja.

Palibe ngakhale kadontho ka chisoni. Maso akuwala ngati akunena za ukwati wawo. Nkhosa iyi yatayika mosangalala.

Ndikutuluka ndi thireyi, andiitana. "Iwe, tawongoka. Mulungu anakupatsa miyendo yotere, iwe n'kumayenda ngati ukupepesa?"

Atchula Mulungu! Ndalemba kuti n'chiyambi chabwino.

Chivomerezo: pobwerera ndadziyang'ana pa galasi la shopu. Kawiri. Miyendo ndi yaitalidi. Sindinaionepo ngati chinthu choti munthu n'kuthokoza. Ku sekondale ankanditcha nsungwi.

Lachitatu

Zavuta. Wina wandineneza. A manijala andiitana ku ofesi, akumwetulira kumwetulira kwa kuno, kumene mano ali panja koma nkhani ili yoopsa. Akuti kulalikira okalamba n'koletsedwa. Akuti chikhulupiriro n'cha munthu payekha. Ndati pepani kangapo. Ndinaonjezanso bondo pang'ono, iwo anaganiza kuti ndikugwa.

Koma Ambuye satseka khomo lililonse. Afunsa, "Paja umaimba kwaya, eti? Loweruka masana tilibe chochita. Wa gitala uja wathyoka dzanja."

Kulalikira ayi, kuimba inde. Chabwino. Tidzawalalikira m'Chichewa ndi mawu anayi, a manijala osadziwa kanthu.

Madzulo pulakatisi ku Bradford, m'kaholo kozizira kaja. Ndafotokozera amayi. Nditatchula za nthenga, onse "Iiii!" Nditatchula za mwendo, Mayi Busa atseka maso. Kenaka afunsa ngati ndili ndi chithunzicho pa foni. Foni yazungulira holo yonse, yachedwa kubwerera.

Mayi Kachingwe aimirira. Ndi aafupi, ndiye akamaimirira amayamba atsokomola kuti tidziwe. "Nkhosa ikakokedwa ndi kwaya imakhala ya kwaya. Ndipo kwaya ili ndi wapampando." Ndiye kuti Agogo Edna akhala nkhosa yawo yachisanu! Ine ndimawasambitsa, ndimawadyetsa phala, ndimawafunira mano awo pansi pa bedi. Ndangoti, "Chabwino, mayi." Mumtima ndanena zina. Ambuye mwazimva, sindizilemba.

Ndiyenera kuwalapitsa ndekha Loweruka lisanafike.

Taima monga mwa nthawi zonse, motsata maudindo. Pakati wapampando. Pambali pawo Mayi Busa, kenaka msungichuma ndi mlembi. Kenaka manesi. Kenaka a madigiri. Ife osamalira okalamba kumapeto. Ine kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi makoti, ndipo ndipinde mawondo kuti ndisatchinge nsalu yolembedwa dzina la mpingo. Ndaimba chopinda chonchi kuyambira pamene ndinalowa kwaya.

Lachinayi

Lero ndi tsiku loti alire. Alira, koma ndi kuseka.

Ndawaonetsa kanema wa kwaya yathu pa foni kuti mtima ufewe. Nyimbo ya chiweruzo, ija timayenda nayo uku tikugwedeza mapewa. Avala magalasi. Ayang'ana. Ayamba kugwedezeka, ine n'kumati Mzimu wafika.

"Anakuimikani ndani chonchi? Mukuoneka ngati mano anga akale!"

Ndafotokoza za maudindo. Sakumvetsa. Akuti pa mzere palibe udindo, pali msinkhu. Wamtali pakati, enawo azitsika mbali zonse ziwiri mpaka wamfupi kumapeto, kuti wokhala kutali aone ngati nonse ndinu ofanana. Akuti mwana wa mwini zisudzo weniweniyo anaikidwa kumapeto chifukwa anali wamfupi, analira, sizinasinthe.

"Kamayi kapakatika kakutsogola ndi phazi lolakwika. Nanga iwe uli kuti?"

Ndaloza mutu wanga pakati pa makoti.

Sanaseke. Angoti, "Bweretsa felemu ija."

Felemu yawo yoyendera. Akuti ndiigwire. Mimba mkati. Chibwano m'mwamba. Mwetulira, ngakhale phazi likuwawa, makamaka likamawawa. Tsopano ponya.

Ndati ine ndine mayi wa mpingo. Akuti mayi wa mpingo alibe bondo?

Ndaponya. Pang'ono, kuti ndiwakope, poti msodzi amayenera kunyowa. Akuti, "Imeneyo ndi ng'ombe ikuthamangitsa ntchentche. Loza chala cha phazi!" Ndaponyanso. Ndaponyanso. Mwendo wafika m'chiuno. Wafika pachifuwa! Kenaka chitseko chatseguka, wodula zikhadabo uja, chikwama m'manja. Wati, "Pitirizani," n'kutseka.

Machimo a lero:
kuponya mwendo pa nthawi ya ntchito;
kunama kuti ndimaponyera uthenga;
kukondwa.
Tchimo lachitatuli ndi limene likundiopsa.

Bambo a Tadala andipeza m'khitchini nditagwira mpando. "Mayi a Tadala, nkhosa ija ndi iti kodi, inu kapena iwo?" Munthu wosapita ku tchalitchi asamafunse za nkhosa.

Lachisanu

Ndikusala kudya. Ntchafu zikuwawa ngati ndalima dimba. Pokwera basi ndachita kukweza mwendo ndi manja.

Lero alape basi. Koma munthu amalapa tchimo, ndiye ndiyenera kulipeza kaye. Ndawafunsa mochenjera ndikuwadzoza mafuta kumapazi. Mapazi ake abale, zala zopiringizana ngati mizu ya chinangwa.

Mowa? Akuti wopezeka ndi fungo ankabwezedwa kwawo tsiku lomwelo.
Amuna? Akuti ankadikira pa khomo la kumbuyo ndi maluwa, inde, koma panali mayi woyang'anira, wankhope ngati chitseko, amene ankawaguba mzere kuchoka pa siteji mpaka ku nyumba yogona. Kalata iliyonse ankayamba waiwerenga iye.
Ndalama? Zinkapita kwa mayi awo. Zotsala, ulusi wosokera masokosi.
Kudzikuza? Aseka. Akuti ungadzikuze bwanji pamene ntchito yako yonse ndi kuoneka ngati mnzako? Dzina lawo silinalembedwepo pa chikwangwani chilichonse.
Tchalitchi? Apa ndiye ndawagwira! Sankapita. Koma akuti Lamulungu linali tsiku la sitima, kuchoka tauni ina kupita ina, atakhalira masutikesi, mapazi ali m'mwamba. Pemphero ankachita kuseri kwa katani, atagwirana kale m'chiuno, kuti wina asagwe.

Ndiye malamulo awo ndi okhwima kuposa a kwaya yathu. Ife tili ndi awiri osalankhulana chifukwa cha mapoto a pa ukwati, ndi wina amene tonse timadziwa koma sitinena.

Kenaka aloza wa pambali pawo pa chithunzi. Peggy. Akuti tsiku lina iwo anavina ndi njala, mutu ukuzungulira, Peggy anawagwira lamba kumbuyo mpaka katani kutsika, akumwetulira, palibe anaona. Akuti lamulo linali loti usatsamire mnzako, koma ukamva kuti akugwa usamusiye. Onse a pa chithunzipo anapita. Atsala okha.

"Chimene ndimasowa si kuwomba m'manja, mwanawe. Ndi dzanja kumsanaku."

Pamenepa ndi pamene ndikanalowetsa uthenga. Khomo linali lotseguka, mlaliki aliyense akanadumphira. Ine m'malo mwake ndaika dzanja langa kumsana kwawo, takhala choncho, tiyi n'kuzizira. Kenaka andipatsa bisiketi ndipo ndadya. Kusala kwathera pomwepo.

Pomaliza ndangofunsa mosazungulira ngati angapite nane ku tchalitchi Lamulungu. "Ndione kaye kwaya yakoyo. Mzere ukawongoka, ndipita."

Ambuye, wongolani mzere. Koma muuwongole Mayi Kachingwe asanadziwe.

Loweruka

Sindikudziwa poyambira.

Amayi afika ndi galimoto zitatu, mabulauzi oyera, zitenje za mpingo, maduku owuma ndi sitachi. Okalamba awaika mozungulira m'chipinda chochezera. Ena ali mtulo. Bambo wina wakale wa njanji akufunsa ngati tabwera ndi wa gitala.

Taima motsata maudindo. Ine kumbuyo, pafupi ndi hita, mawondo opinda. Mayi Kachingwe atsokomola, ayambitsa nyimbo ya chiweruzo. Sitinafike n'komwe pa kolasi.

Go! Go! Go! Ndodo pansi. Agogo Edna.

Ndinawaveka ndekha m'mawa diresi la buluu. Za nthenga sindinadziwe. Aitulutsa m'chikwama, imodzi, yothothoka, aisomeka m'tsitsi. Akudziyendetsa pa wilutcheya mpaka patsogolo pathu, munthu amene masiku onse amati manja alibe mphamvu.

"Iwe, uko. Iwe, kuno. Wamagalasi, sinthana ndi uyo."

Ndipo amayi akumvera! Ndi ulemu wathu womwewu. Munthu wamkulu chonchi ungamuyankhe? Msungichuma apita kumanzere. A madigiri amwazikana. Mayi Busa, amene ndi aatali ndithu, atsala pakati. Kenaka ndodo yaloza ine. "Nsungwi iyo ituluke ku hitako." Sanatero ndendende, koma ndi mmene ndinamvera. Ndapezeka pakati penipeni, phewa ndi phewa ndi Mayi Busa.

Mayi Kachingwe ayesa kufotokoza m'Chingerezi chawo cha ku wodi kuti iwo ndi wapampando. Agogo ayankha, "Zabwino, mwanawe. Kumapeto." Mwanawe! Kwa munthu amene madokotala amamuopa. Apita. Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi tebulo la mabisiketi.

"Gwiranani m'chiuno."

Tagwirana. Awiri a mapoto aja agundana msinkhu, ndiye agwirana nawonso, aliyense akuyang'ana kwina.

Tayambanso nyimbo. Mawu ndi omwewo, moto wosazima, kulira ndi kukukuta mano, koma Agogo akumenya ndodo mofulumira, ndiye chiweruzo chikuthamanga. Phazi, phazi, bondo. Phazi, phazi, bondo. Ndipo abale, zikukoma! Mzere wonse ukuyenda ngati munthu mmodzi. Ogona adzuka. Wa njanji akuwomba m'manja. A manijala akujambula.

"Tsopano ponyani!"

Amayi aponya mwaulemu, mpaka m'kakolo, monga chitenje chimalolera. Ine ndinaiwala kuti ndine ndekha wophunzira. Mwendo wanga wapita wokha. Mpaka pachifuwa, chala choloza, chitenje chatseguka, mwayi ndinavala thayiti yakuda ya chisanu. Mayi Busa ati, "Yesu!" koma sanandisiye m'chiuno.

Mayi Kachingwe ataona zimenezo sanafune kugonja. Akwinya chitenje, aponya ndi mkwiyo wonse wa kumapeto. Nsapato yavuka. Yauluka bwinobwino, yadutsa pamwamba pa okalamba awiri, yakagwera m'mbale ya kasitadi. Wa njanji wakuwa kuti tibwereze.

Pemphero loitanira anthu kwa Ambuye, limene Mayi Kachingwe anakonzekera kuyambira Lachitatu, silinachitike. Anali kubafa, akutsuka nsapato.

Ndawabwezera Agogo kuchipinda. Masaya ofiira, nthenga yapendekera. Akung'ung'udza nyimbo yathu ya chiweruzo, akuti ndi yosangalatsa, ikunena za chiyani? Ndati za ulendo.

Ndiye ndafunsa za mawa.

"Mawa? Ayi, mwanawe. Mzere uja sunawongoke. Mbali ya kumanzere ikuchedwa, ndipo kamayi kaja kakufuna ntchito yambiri. Muzibwera Loweruka lililonse. Mwina pofika Khirisimasi."

A manijala atilemba kale pa bolodi la zochitika. Wa gitala amuuza kuti asafulumire kuchira.

Lamulungu

Mvula. Takisi ija ndaiuza kuti isabwere. Diresi ndinawasitira lija lili pa hang'ala.

Ku tchalitchi kanema wafika kale pa foni ya aliyense. Madikoni akundipatsa moni akuyang'ana kumwamba. Mnyamata wa kiyibodi wandifunsa ngati bondo lili bwino. Ndakonzeka kuitanidwa ku bwalo la akulu.

Nthawi ya kwaya, ndikulunjika ku makoti, Mayi Busa andikoka dzanja. "Tiima ngati dzulo. Mulungu wathu ndi wa dongosolo." Iwo pakati kwawakomera. Ndani angatsutse Mayi Busa? Mayi Kachingwe apita kumapeto okha, nsapato ina yooneka yonyowabe. Taimba, osaponya, koma titagwirana. Abusa akuti sanaonepo kwaya ikuyenda mwa umodzi chonchi, akuti izi ndi zipatso za kusala kudya. Palibe wawawongolera. Ine ndangoyang'ana pansi, ndikukumbuka bisiketi.

Kenaka zokolola. Nkhosa zabwera zochepa. Wina wabwera ndi msuweni wake wa ku Salford amene ndi mkulu wa mpingo kwawoko. Wina ndi mnzake wa ku Zambia amene anamva kuti kuli chakudya. Zinayi za Mayi Kachingwe: ziwiri zinatulutsidwa m'chipatala ndipo mafoni sakupezeka, imodzi ndi ya Katolika, imodzi akuti sikukumbuka kuti inalonjeza, inali isanatsitsimuke bwino.

"Obwera chimanjamanja aimirire."

Taimirira ambiri ndithu. Mayi Kachingwe nawonso aimirira, koma sanatsokomole, ndiye palibe wadziwa. Ine ndiye aliyense wandiona, mpaka a kukhomo.

Ndinayamba kupinda mawondo monga mwa chizolowezi. Kenaka ndamva ngati ndodo ikugogoda pansi. Mimba mkati. Chibwano m'mwamba. Mwetulira, makamaka zikamawawa. Ndaima msinkhu wanga wonse, koyamba m'tchalitchi muno, mpingo ukundipempherera kuti ndisiye kukhala nthambi youma. Pemphero linali lalitali. Sindinagwedezeke.

Abusa pambuyo pake akuti ndinaoneka wosalapa. N'kutheka.

Nkhosa sinabwere. M'malo mwake yatenga khola lonse, Loweruka lililonse, ndi Mayi Busa omwe. Ambuye, Inu mukuwadziwa Agogo Edna kuyambira kuseri kwa katani kuja, muona nokha chochita nawo. Ine ndalephera.

Mawa shifiti ya m'mawa. Agogo Edna akuti ndibwere ndi nsapato zokwera pang'ono.

Ndazipukuta kale.